Mmene mungakonzere ulendo wokalawa zakudya za ku Italy

Munthu amene akufuna kupita ku Italy chifukwa cha chakudya ayambe wadziwa kuti kumeneko kulibe kaphikidwe kamodzi ka dziko lonse. Dzikoli linakhala limodzi mu 1861, ndipo zigawo zake 20 zikuphikabe monga mmene makolo a m'deralo ankaphikira. Monga sitiyembekezera kupeza kondowole wabwino kutali ndi ku Nkhata Bay, kapena chambo chokoma kutali ndi nyanja, nawonso a ku Italy sayembekezera kuti chakudya cha ku Napoli chikhale chokoma ku Milano. Langizo lalikulu ndi lakuti musankhe madera ochepa, mukhalitseko, ndipo pamalo paliponse muzidya zimene eni ake amadya. Ulendo umene ndikufotokoza pano ndi wa milungu iwiri: kufikira ku Roma, kukaona Napoli, kukhazikika ku Bologna, ndi kumalizira ku Bergamo.

Choyamba ndi nyengo. Miyezi ya September ndi October ndiyo yabwino koposa, chifukwa kutentha kumakhala kwachepa, mphesa zikukololedwa, bowa wachuluka m'misika, ndipo midzi yambiri imachita zikondwerero zotchedwa sagra, zimene mudzi wonse umaphikira chakudya chimodzi chimene umanyadira. April ndi May ndi miyezi yabwinonso. Pewani August: kumatentha kwambiri, ndipo pa 15 August pali tchuthi cha Ferragosto, nthawi imene eni malo odyera ambiri amatseka n'kupita kunyanja ndi mabanja awo, moti mumatsala ndi malo okhawo otsegulira alendo.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa musachedwe. Dziko la Italy lili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, kotero amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza. Viza ya alendo imalola kukhala masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180, ndipo kuyambira June 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90. Mukhoza kupereka pempho lanu miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo ndi bwino kutero msanga. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera. Adzafunanso inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, dongosolo la ulendo wa ndege, malipoti a ku banki ndi kalata ya kuntchito. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, choncho funsani ku ofesi yake za kumene mapepala akulandiridwa musanalipire tikiti. Ndalama zakunja muyambe kuzifunafuna pa nthawi yomweyo, pakuti tonse tikudziwa kuti sizipezeka tsiku limodzi, ndipo muuze banki yanu kuti khadi lanu likagwira ntchito kunja. Ndege ya Ethiopian Airlines imachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ndipo imatera ku Roma ndi ku Milano, zimene zimakupatsani mwayi wolowera kumodzi n'kutulukira kwina. M'chikwama musaikemo nyama kapena zopangidwa ndi mkaka, chifukwa malamulo a European Union salola alendo kulowa nazo.

Chachitatu, phunzirani kadyedwe ndi nthawi zake musananyamuke, chifukwa apa ndi pamene alendo ambiri amakhumudwira. M'mawa anthu a kumeneko sadya zambiri: khofi ndi kabanzi kotsekemera kotchedwa cornetto, ataimirira pa kauntala ya malo amene iwo amawatcha bar, omwe kwenikweni ndi malo omwera khofi. Mukalowa, yang'anani ngati anthu akuyamba alipira kwa wosunga ndalama. Ngati ndi choncho, lipirani, tengani lisiti, ndipo muionetse kwa wopanga khofi. Mukanena kuti un caffè, amakupatsani khofi wochepa kwambiri, wakuda ndi wamphamvu, wongomwa kawiri kapena katatu. Mukanena kuti latte, amakupatsani kapu ya mkaka weniweni, chifukwa ndilo tanthauzo la mawuwo. Khofi wa mkaka wambiri, cappuccino, amamwa m'mawa, ndipo sakonda kumwa atadya nkhomaliro. Dziwaninso kuti khofi yemweyo amakwera mtengo mukakhala pa tebulo, makamaka pa mabwalo otchuka, ndipo mitengo iwiriyi imalembedwa pakhoma.

Nkhomaliro imayamba cha m'ma 12:30 mpaka cha m'ma 2:30, kenako khitchini imatsekedwa. Mgonero suyamba 7:30 isanakwane, ndipo kum'mwera kwa dzikolo anthu amadya mochedwerapo. Malo amene akuperekabe chakudya chophika nthawi ya 4 koloko masana, okhala ndi zithunzi za zakudya pakhomo, mndandanda wa zilankhulo zisanu ndi mnyamata woitanira odutsa, ndi malo ophikira anthu amene sadzabweranso. Yendani misewu iwiri kapena itatu kuchoka pa malo okopa alendo, ndipo funani trattoria kapena osteria, malo odyera wamba, ya mndandanda waufupi, kumene mukumva anthu akucheza m'chilankhulo chawo. Malo oterewa amadzaza, kotero sungitsani tebulo dzulo lake.

Mndandanda wa zakudya umatsata dongosolo limene kwathu kulibe. Pali antipasto, kolawirira. Primo, yomwe ndi pasta, mpunga kapena supu. Secondo, nyama kapena nsomba. Contorno, masamba kapena mbatata zoitanitsa padera. Ndi dolce, zotsekemera. Ife tinazolowera kuti nsima ndi ndiwo zibwere pamodzi, koma uko pasta imadyedwa payokha, nyama n'kubwera pambuyo pake, ndipo mukaitanitsa nyama yokha idzabweradi yokha m'mbale. Simukakamizidwa kudya magawo onse, awiri amakwanira. Pasta yawo imakhala yolimbirako pakati, iwo amati al dente, ndipo musaibweze poganiza kuti sinapse. Pa pasta ya nsomba sathirapo tchizi. Msuzi ukatsalira m'mbale, tengani kachidutswa ka buledi mususe. Iwo amati fare la scarpetta, ndipo m'malo odyera wamba wophika amakondwa kuona mbale yabwerera yoyera.

Pa bilu nthawi zambiri mudzaona mawu akuti coperto. Ndi ndalama yochepa imene munthu aliyense amalipira chifukwa chokhala pa tebulo, ndipo m'madera ambiri si chinyengo ngati inalembedwa pa mndandanda. Chenjerani kwambiri ndi mawu akuti all'etto pambali pa mtengo wa nsomba kapena nyama yootcha: amatanthauza kuti mtengowo ndi wa magalamu 100 okha, choncho funsani kulemera kwake asanaphike. Woperekera zakudya sadzabweretsa bilu mpaka mutaipempha ponena kuti il conto, per favore, chifukwa kwa iwo kufulumizitsa mlendo n'kupanda ulemu. Kusiya kangachepe kothokoza si lamulo, koma yuro imodzi kapena awiri amalandiridwa bwino.

Amene sadya nkhumba, monga abale athu a Chisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist, aloweze mawu angapo, pakuti nyamayi imabisala m'zakudya zambiri. Maiale ndi nkhumba. Guanciale, pancetta, prosciutto, salame ndi mortadella zonse ndi zankhumba. Strutto ndi mafuta a nkhumba, amene nthawi zina amalowa m'buledi ndi m'makeke. Nenani kuti senza maiale, kutanthauza popanda nkhumba, ndipo funsani makamaka za msuzi wa nyama yogaya, umene kawirikawiri umasakaniza ng'ombe ndi nkhumba, komanso umathiridwa vinyo.

Tsopano ulendo weniweni. Ku Roma khalani masiku anayi, ndipo mulawe pasta zinayi za mzindawu, zimene zimapangidwa ndi zinthu zochepa zomwezo. Cacio e pepe ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino romano ndi tsabola wakuda basi. Mukawonjezera guanciale, nyama ya patsaya la nkhumba youmitsa ndi mchere, yakhala gricia; mukathiramo mazira yakhala carbonara; mukathiramo matimati m'malo mwa mazira yakhala amatriciana. Pitani ku dera la Testaccio, kumene kunali malo aakulu ophera nyama mpaka 1975. Ogwira ntchito kumeneko ankapatsidwa zam'kati, michira ndi ziwalo zina zimene olemera sankagula, ndipo mabanja awo anaziphika mwaluso mpaka zinasanduka ulemerero wa mzindawo. Aliyense wokonda nthumbwana ndi chifu adzamva ngati ali kwawo akalawa trippa alla romana, chifu cha ng'ombe chophika m'matimati, kapena coda alla vaccinara, mchira wa ng'ombe wophika maola ambiri mpaka nyama kulekana ndi fupa. Madzi musagule: m'misewu muli mipope yachitsulo yotchedwa nasoni, yotulutsa madzi ozizira abwino kumwa usana ndi usiku.

Tsiku limodzi mwa masikuwa kwerani sitima yothamanga, Frecciarossa kapena Italo, imene imafika ku Napoli patangodutsa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Matikiti a sitima zimenezi amatsika mtengo mukagula milungu ingapo pasadakhale. Pa zikwangwani mayina amalembedwa m'chilankhulo chawo, choncho funani Napoli, Firenze, Venezia ndi Milano. Ku Napoli pitani mumsewu wa Via dei Tribunali, lembetsani dzina pakhomo, ndipo dikirani. Pizza ya kumeneko imaphikidwa mu uvuni wa nkhuni wotentha kupitirira madigiri 400, ndipo imapsa m'masekondi 60 mpaka 90. Imatuluka yofewa, yonyowa pakati, m'mphepete motukuka ndi timawanga topserera. Aliyense amaitanitsa yakeyake. Yambani ndi ziwiri zakale: marinara, ya matimati, adyo ndi mafuta a azitona popanda tchizi, ndi margherita, ya matimati, tchizi choyera cha mozzarella ndi masamba onunkhira a basilico. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pizza a ku Napoli pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, ndipo mukaima pafupi n'kuona mmene amatambasulira ufa ndi zala zokha, popanda chogudubuza, mudzamvetsa chifukwa chake. Mzindawu uli ndi mwambo umene ndimaukonda kwambiri, wa caffè sospeso: munthu amalipira makapu awiri a khofi n'kumwa imodzi, inayo n'kusiyira wosauka aliyense amene angadzafunse. Chikwama chanu chikhale kutsogolo m'malo odzaza anthu.

Gawo lalikulu la ulendo likhale ku Bologna, maola awiri ndi pang'ono pa sitima kuchokera ku Roma, ndipo kumeneko ndikulangiza masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Eni dzikolo amautcha mzindawu la grassa, wonenepa, chifukwa cha kudya bwino. M'mawa woyamba pitani ku Quadrilatero, timisewu ta msika pafupi ndi bwalo la Piazza Maggiore. Kumsika musagwire zipatso kapena masamba ndi manja anu monga timachitira posankha matimati kwathu. Lozani, wogulitsa akusankhirani. Musafune spaghetti bolognese, chifukwa eni mzinda saiwerengera ngati yawo. Chawo ndi tagliatelle al ragù, pasta ya mazira yodulidwa ngati timalamba, yothira msuzi wa nyama yogaya wophika pang'onopang'ono. Nkhaniyi amaitenga mwakuya moti mu 1972 anakalembetsa ku bungwe la zamalonda la mzindawo kuti tagliatelle yakupsa ikhale mamilimita 8 m'lifupi, ndipo mu 1982 analembetsanso kaphikidwe ka msuziwo. Lawaninso tortellini in brodo, tinthu tating'ono ta pasta toikamo nyama, tosambira mu msuzi woyera wa nyama. Ngati pali ndalama imene simudzadandaula nayo, ndi ya phunziro la theka la tsiku kwa sfoglina, mayi wodziwa kupanga pasta pamanja. Amathira ufa wa tirigu pa thabwa, kukumba kadzenje pakati, kuswamo mazira, dzira limodzi pa magalamu 100 alionse a ufa, kukanda mpaka kusalala, kenako kutambasula ndi mtengo wautali mpaka ufawo kupyapyala koti kuwala n'kumaonekera. Ndi ntchito ya mapewa, ndipo manja amene anazolowera mthiko saivutikira.

Kuchokera ku Bologna, sitima wamba imafika ku Modena m'mphindi zosakwana 30 ndi ku Parma pafupifupi ola limodzi. Tikiti yapepala ya sitima wamba iyenera kudindidwa pa makina a pa siteshoni musanakwere, apo ayi mudzalipira chindapusa. Sungitsani malo oti mukaone kumene amapanga tchizi cha Parmigiano Reggiano, ndipo mufike cha m'ma 8 koloko, chifukwa ntchitoyi imachitika m'mawa mokha. Mkaka wa madzulo, atauchotsa mafuta apamwamba, amausakaniza ndi wa m'mawa m'miphika ikuluikulu ya mkuwa, yooneka ngati belu lozondotsa. Saikamo china koma choundanitsa mkaka, madzi otsala a tchizi cha dzulo, ndipo pambuyo pake mchere. Amuna awiri amakweza chimpira choyera kuchokera pansi pa mphika ndi nsalu, kuchidula pakati, ndipo zidutswa ziwirizo zimadzakhala tchizi ziwiri, chilichonse cholemera pafupifupi makilogalamu 40 ndi chochokera ku malita oposa 500 a mkaka. Kenako amakulowetsani m'chipinda chosungira, mmene tchizi zikwizikwi zandandalikidwa pa mashelefu kufika kudenga, ndipo fungo lake limakutsatirani mpaka panja. Pakatha miyezi 12 woyendera amabwera ndi kanyundo, amagogoda tchizi chilichonse n'kumvetsera, ndipo chokhacho chimene chamveka bwino ndicho chimadindidwa chizindikiro ndi moto. Pemphani kulawa cha miyezi 12, 24 ndi 36 motsatizana, kuti mumve mmene nthawi imasinthira kukoma.

Ku Modena funani acetaia, nyumba imene amapangira viniga wakuda wotchedwa aceto balsamico tradizionale. Amaphika madzi a mphesa n'kuwasunga m'migolo yamatabwa osiyanasiyana m'chipinda cha pansi pa denga, kumene kutentha ndi kuzizira kwa nyengo kumagwira ntchito yake, ndipo chaka chilichonse amasamutsa pang'ono kuchoka mu mgolo waukulu kupita mu waung'ono. Sagulitsidwa zaka 12 zisanakwane, ndipo wa zaka 25 amatchedwa extravecchio. Amabwera m'kabotolo ka mamililita 100, ndi wokwera mtengo, ndipo amathira timadontho chabe. Wotchipa wa m'masitolo ndi chinthu china, chosakaniza ndi viniga wa vinyo. Zilembo za DOP pa botolo kapena pa tchizi zimatsimikizira kuti chinthucho chinapangidwa m'dera lake motsata malamulo ake.

Malizirani ku Bergamo, mzinda wa m'munsi mwa mapiri pafupi ndi Milano. Ambiri mwa amishonale a Montfort a ku Italy amene atumikira ku Balaka ndi ku Mangochi anachokera m'dera limeneli, ndipo chakudya chawo chachikulu chidzakudabwitsani, chifukwa ndi cha chimanga. Chimanga chinafika kwa iwo kuchokera ku America monga chinafikira kwa ife, ndipo kwa zaka mazana polenta, nsima yawo, inali chakudya cha tsiku ndi tsiku cha alimi a kumpoto, moti m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ambiri ankadwala pellagra, matenda obwera ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, chifukwa chodya polenta yopanda ndiwo zokwanira. Ufa wake nthawi zambiri ndi wachikasu, wokhakhala kuposa mgaiwa. Amathira mchere m'madzi, chimene ife sitichita, ndipo amavundula ndi mthiko mumphika wamkuwa wotchedwa paiolo kwa mphindi 40 kapena kupitirira, mpaka polenta itayamba kumatuka m'mbali mwa mphika. Saomola mitanda ndi chipande. Amakhuthulira yonse pa thabwa, ndipo mwamwambo amaidula ndi ulusi. Imadyedwa ndi nyama ya msuzi, kalulu, bowa kapena tchizi, ndipo yotsala amaidula n'kuiotcha mawa lake, monga ife sititaya mkute. Lawaninso polenta taragna, yoderapo, yosakaniza ndi ufa wa mbewu ina yotchedwa grano saraceno, batala ndi tchizi. Ngati mungathe, gonani usiku umodzi pa agriturismo, famu imene imalandira alendo n'kuwaphikira zokolola zake, ndipo pemphani mwaulemu kuti mulowe m'khitchini pa nthawi yovundula. Mukawauza kuti kwanu mumadya chofanana nacho tsiku lililonse, macheza sadzavuta kuyamba.

Chotsiriza ndi zotenga pobwerera. Parmigiano Reggiano imayenda bwino mukapempha kuti aikulunge sottovuoto, m'pulasitiki yochotsamo mpweya. Pasta youma, khofi, mpunga wa carnaroli wophikira risotto (mpunga wophika mu msuzi) ndi bowa wouma wa porcini sizivuta kunyamula. Mafuta a azitona gulani a m'chitini, ndipo pamodzi ndi vinyo ndi viniga muziike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, mutazikulunga ndi zovala. Nyama zoumitsa ndi tchizi zili ndi malamulo a zaulimi a dziko lililonse, choncho funsani a kasitomu a kwanu za zimene zimaloledwa musananyamuke pa ulendo wopita, kuti musagule chinthu chodula chimene chidzatsale pa bwalo la ndege. Sungani malisiti onse pamodzi ndi pasipoti, ndipo tsiku lonyamuka muchoke ku Bergamo m'mawa ndithu, pakuti bwalo la Malpensa lili kutsidya lina la Milano ndipo ulendo wake umadya maola awiri.